PAKHONDE PATHU: Madzi a Wudhu ku Nkhalango ya Liwonde



Miyezi itatu yathanso ndipo takumananso pakhonde pathu. Lero ndabwera ndi nkhani ya ulendo, ndipo ndiululiretu kuti pa ulendowo amene anachititsa manyazi si ana ayi, koma ine wa imvine.

Chinayambitsa zonse ndi mdzukulu wanga. Tsiku lina atabwera ku madrasa komwe ankaloweza Surat Al-Fil, anandifunsa kuti, "Agogo, kodi njovu imeneyi inu munaionapo?" Ndinasowa pogwira. Anthu amakwera ndege kuchokera ku London ndi ku Johannesburg kudzaona nyama za ku Liwonde, pamene ambiri a ife a ku Machinga, Balaka ndi Mangochi timangodutsa pa mlatho wa Shire osadziwa zimene zili kumtunda kwake. Choncho tinasonkherana ndalama mabanja atatu, ndipo m'mwezi wa Ogasiti tinanyamuka ku Blantyre kukagona masiku awiri m'matenti, moyang'aniridwa ndi mnyamata wodziwa za nyama.

Nkhalango ya Liwonde inakhazikitsidwa m'chaka cha 1973 ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita oposa 500, motsatira mtsinje wa Shire kumunsi kwa nyanja ya Malombe. Panali nthawi imene misampha ya mawaya inatsala pang'ono kuipulula nyama. Mu 2015 bungwe la African Parks linayamba kuiyendetsa mogwirizana ndi Boma. Akakwiyo anabwezeretsedwamo mu 2017, mikango mu 2018, ndipo njovu zinachulukana kotero kuti mu 2022 zokwana 263 zinasamutsidwira ku Kasungu. Amalawife timalipira ndalama yocheperapo pachipata poyerekeza ndi alendo akunja.

Titafika, mnyamata wotitsogolera uja anatikhazika pansi nkutiuza malamulo. Chakudya chisagone m'tenti, chifukwa afisi amatsata fungo. Poyenda pansi tizindondozana kumbuyo kwa mlonda wamfuti, osasokosera, ndipo nyama ikatulukira wina asathamange. Anayang'ana mkanjo wanga woyera nati, "Bambo, umenewu muzivala poswali pokha, kutchire umaonekera patali." Amayi anawalangiza kupewa nsalu zakuda ndi zabuluu chifukwa zimakopa akashembe, ndipo iwo anadziphimba bwinobwino ndi nsalu zotuwa. Lamulo lomaliza analibwereza kawiri: kukada, kufikira dzuwa litatuluka, munthu asayandikire kumtsinje.

Madzulo ake tinaona zimene pakamwa sipangathe kulongosola. Nswala, anjiri othamanga michira ili m'mwamba, nkhwazi pamwamba pa mtengo, ng'ona zitayasamula pamchenga. Kenaka pakati pa mitengo ya tsanya panatuluka njovu zoposa khumi zikupita kukamwa madzi. Mnyamata uja ananong'oneza kuti gulu lotere amalitsogolera ndi njovu yaikazi yaikulu, ndipo kuti njovu imakhala ndi bere miyezi 22. Mdzukulu uja anandigwira dzanja mwamphamvu, mawu okha amene anatuluka ndi akuti "Subhanallah!" Pomwepo ndinadziwa kuti ndalama zathu sizinapite pachabe.

Koma tamvani zimene zinachitika m'bandakucha. Ndinadzuka kuti ndikonzekere Swala ya Fajr, ndipo ndinapeza ndowa ili gwa, ana anathera madzi kusamba usiku. Mtsinje unali pafupi, ndimaumva ndithu. Mumtima ndinati, ine ndinakulira m'mbali mwa madzi, ndipo ndikupita kukachita za Allah, chingandione nchiyani? Ndinatenga ketulo ndi tochi nkuyamba kutsetsereka ndi kanjira kena kopondeka bwino.

Ndisanapite patali ndinamva dzanja paphewa. Anali mnyamata uja. "Bambo, imani pomwepo. Bwererani chafutambuyo, pang'onopang'ono." Sanakweze mawu. Titabwerera anawalitsa tochi yake chakumtunda, ndipo taonani chimvuu chikutsika ndi kanjira komwe kaja kulowera kumadzi. Kanjirako sikanali ka anthu, kanali kake.

Anandifotokozera kuti mvuu imaswera m'madzi usana wonse, usiku nkutuluka kukadya udzu kumtunda, ndipo imabwerera m'bandakucha, nthawi yomwe ija ife timadzukira Fajr. Ikapeza munthu ataima pakati pa iyo ndi madzi, imaona ngati watsekereza kothawira kwake, ndipo ngakhale ndi yonenepa chotero imathamanga kuposa munthu. Ndikanaipulumuka mvuuyo, m'mphepete mwa madzimo munali ng'ona, zimene zimabisalira nyama ndi anthu owerama potunga. Miyendo inandilefuka. Iye anangopita kugalimoto nkukanditengera madzi a m'chigubu, ndipo ndinachita Wudhu ndili chete ngati mwana wolakwa.

Abale anga, ndakhala ndikulingalira za m'mawa umenewo. Cholinga changa chinali chabwino, koma chimene chinanditsogolera kumtsinje chinali kudzikuza. Ndinaona ngati mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga sangandiuze zochita. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tonse tikudziwa za munthu uja amene Mtumiki Muhammad (S.A.W) anamulangiza kuti ayambe wamanga ngamira yake, kenaka ayadzamire kwa Allah. Kuyadzamira kwa Allah sikutanthauza kunyozera chenjezo la amene akudziwa. Moyo ndi amanah, tinangosungitsidwa. Ndikanafa pamenepo, adzukulu anga akanaphunzira chiyani za Swala?

Chimene chinandichititsa manyazi kwambiri nchakuti Deen yathu inandipatsa kale njira. Ma Ulama amaphunzitsa kuti ngati madzi alipo koma kukawatunga kukuika moyo pangozi, monga kuopa zilombo, munthu amaloledwa kuchita Tayammum ndi dothi loyera. Dothi linali ponseponse pamene ndinaimapo. Allah sanandipemphe kuti ndikalimbane ndi mvuu.

Tsono kwa inu amene mukufuna kutengera banja ku ulendo wotere, nawa malangizo ochepa. Pitani nthawi ya chilimwe, kuyambira Juni mpaka Okutobala, pamene udzu wauma ndipo nyama zimasonkhana kumtsinje, koma dziwani kuti Okutobala kumatentha koopsa. Auzenitu okonza ulendo kuti ndinu Asilamu, kuti nkhani ya chakudya cha halaal ndi nthawi za Swala ikonzedwe musananyamuke. Ife tinatenga ufa, nyemba, usipa ndi miphika yathu. Madzi a Wudhu wa m'bandakucha tungiranitu kukadali kowala ndipo muwabise kwa ana. Qibla ipezeni dzuwa lisanalowe: kuno kwathu ili kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa. Ngati ulendo wanu ukuposa makilomita 80, funsani Shehe wanu za kufupikitsa ndi kuphatikiza Swala. Musaiwale neti, pakuti udzudzu wa m'mbali mwa Shire suchita nthabwala. Koposa zonse, mverani wokutsogolerani ngakhale akhale wamng'ono kwa inu.

Sindikuiwala abale athu okhala m'malire mwa nkhalangoyi, amene njovu amaidziwa ngati mdani wa chimanga chawo, ndipo ena anataya abale awo chifukwa cha nyama zomwezi. Madandaulo awo ndi oona ndipo ayenera kumvedwa. Komabe ana athu ayenera kudziwanso kuti zolengedwazi zili ndi Mwini wake. Sura zingapo za Qur'an zili ndi mayina a zolengedwa: ng'ombe, njuchi, nyerere, kangaude ndi njovu. Mwana amene waona njovu ikuyamwitsa sadzatchera waya m'nkhalango mosaganiza.

Pobwerera, mdzukulu uja anandifunsa kuti, "Agogo, kodi munaiopa mvuu ija?" Ndinamuuza zoona, kuti ndinaiopa kwambiri. Anaseka mpaka pa Zomba.

Allah atiteteze pa maulendo athu ndipo atipatse mitima yomva malangizo. Tikumanenso m'kope likudzalo, Insha Allah.

Wassalam alaykum.