Matenda Sasankha Khungu

M'chaka cha 1943, mayi Lucy Byard, membala wa mpingo wathu ku New York, anapita akudwala ku Washington Sanitarium, chipatala cha Adventist ku America. Chifukwa choti anali akuda, anawatumiza ku Freedmen's Hospital, komwe anamwalira patapita milungu ingapo. Nkhaniyi inawapweteka mtima abale akuda, ndipo mu 1944 mpingo unavomereza zoti akhale ndi makonferensi awoawo. Tsankho la pachipatala linagawa anthu opembedza Sabata limodzi.

Nafenso tidzifunse, abale ndi alongo. Tikamalemba mayina a odwala oti tikawazonde, kodi timakumbukira a mtundu wathu okha? Nanga mlongo wochokera ku Burundi kapena ku Congo, amene amakhala phee pa benchi yakumbuyo, akadwala amamuphikira phala ndani? Sabata likubwerali tifunse dzina lake ndi komwe amakhala, kuti akadzasowa m'tchalitchi tidziwe khomo loti tikagogode.