Ivan anatchuka, koma anadyapo chani?

Ngati mukonda reggae koma mukalibe kutamba The Harder They Come, isakileni sabata ino. Ni filimu ya ku Jamaica ya mu 1972. Anaipanga ni Perry Henzell, ndipo Jimmy Cliff ndiye asewela ngati Ivan. Nkhani yake inatengedwa pa chigawenga cheni-cheni, Rhyging, chamene apolisi anapaya mu 1948.

Ivan achoka kumunzi kubwela mu Kingston. Akalibe na kupumula, kawalala wamubela katundu yonse. Nchito kulibe. Ajambula nyimbo, koma mwine wa studio, Hilton, amupatsa chabe madola 20. Ukakana, nyimbo yako siizalila pa wailesi. Apa filimu ikamba zoona. Imwe amene munaselukila pa Intercity na chola chimozi, olo muli na mufana amene ayimba mu komboni, muzamvela monga ni nkhani ya pa nyumba panu. Nyimbo nazo ni moto, maka-maka Many Rivers to Cross. Nizamene zinathandiza reggae kufika kutali.

Manje vuto ni iyi. Ivan akangena mu malonda a chamba na kuyamba kuwombela apolisi, kamera imukonda maningi. Avala bwino, azijambulitsa na mfuti ziwili, tauni yonse imutamanda. Mwaiwala kale kuti ni munthu wamene uja anacheka mnzake kumaso na mpeni chifukwa cha njinga. Chibwenzi chake Elsa, amene avutika na zonsezi, apatsidwa mpata ung'ono chabe. Chizungu chao nacho n'chovuta, ikani mawu olembedwa pansi.

Koma yang'anitsitsani amene adya ndalama. Nyimbo ya Ivan igulidwa maningi pamene apolisi amusakila, ndipo phindu ipita kwa Hilton, chifukwa Ivan anasaina kale. Akulu-akulu a chamba nao apitiliza malonda yao. Ivan yeve afela pa mchenga, eka, zipolopolo zili m'thupi.

Ndiye itambeni, ni filimu yabwino. Koma mukatamba na bafana, osazima TV mwakachete-chete. Afunseni kuti Ivan anatsala na zingati. Ndipo imwe oyimba, pepa iliyonse yamene akupatsani ku studio, pitani nayo kunyumba, muiwelenge na munthu oziwa. Osasaina tsiku yamene iyo, olo njala ikulumeni bwanji.