Pulogalamu Yosagula Nayonso Ili ndi Malamulo Ake

Mwezi uli wonse akalaliki a zaumoyo m'boma la Mchinji amasonkhanitsa chiwerengero cha odwala malungo, cha amai obereka ndi cha ana olandira katemera, nachitumiza ku Lilongwe kupyolera mu pulogalamu ya kompyuta yochedwa DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo unaikhazikitsa m'chaka cha 2012. Anzao a ku Chipata, kutsidya kwa malire a Mwami, agwiritsa ntchito yomweyo. Pulogalamuyi inachokera ku University of Oslo, ndipo palibe dziko limene lilipira ndalama kuti liloledwe kuigwiritsa ntchito.

Tsono ambiri ayesa kuti chinthu chosagula chilibe mwini kapena lamulo. Kumeneko ndiko kulakwa, pakuti pulogalamu yotere ili ndi chilolezo chake cholembedwa, ndipo zilolezozo sizifanana.

DHIS2 ili ndi chilolezo cha BSD. Chimenechi chilola mmisiri kutenga source code, ndiye kuti malembo amene pulogalamu imangidwa nao, kuisintha ndi kugulitsa chimene wapanga, malinga asafafanize maina a eni ake ndi mau a chilolezocho. Zimene waonjezapo angathe kuzibisa. Koma chilolezo cha GPL, chimene Richard Stallman anatulutsa mu 1989, chimenenso Linux iyendera, chili ndi msampha wabwino. Munthu akasintha pulogalamu nangoigwiritsa ntchito yekha, palibe womfunsa kanthu. Akangoipereka kwa wina, kaya mwaulere kaya pa mtengo, ayenera kuperekanso source code yake, ndipo wolandirayo akhala ndi ufulu womwewo wosintha ndi kugawa.

Awerengi athu a m'maofesi aganizire bwino pamenepa. Tinene kuti ofesi ina pa Boma la Mchinji yalemba ganyu mnyamata wodziwa makompyuta kuti aipangire pulogalamu yolembera msonkho wa pamsika. Akamanga pa maziko a GPL, lamulo limkakamiza kusiya malembo ake m'manja mwa ofesiyo. Akamanga pa maziko a BSD, ali ndi ufulu wopita nao ku Johannesburg, ndipo tsiku limene pulogalamuyo idzafa sipadzapezeka woikonza. Sititi mnyamatayo ndi mbala ai, chilolezo chamlola. Wolakwa ndi bwana amene anasaina pangano osafunsa.

Ife tiona kuti pangano liri lonse lolipidwa ndi ndalama za msonkho liyenera kuchula chilolezo cha zonse zimene mmisiri watenga kwa ena, ndi kunenetsa kuti source code idzasiyidwa ku ofesi.

Aphunzitsi nao adziwe kuti angathe kuika Linux m'makompyuta onse a pasukulu ndi kugawira ana asukulu makope, popanda kuopa mlandu wa kukopera.