Madison Square Garden inamangidwa pa manda

Musandiuzenso za ulemerero wa Madison Square Garden. Ndikudziwa, pa 8 Malichi 1971 Joe Frazier anagwetsa Muhammad Ali mu raundi ya 15 momwemo, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho George Harrison anaimbamo posonkhetsa ndalama zothandizira anthu a ku Bangladesh. Sindikukana. Koma pansi pa bwalolo pali chiyani? Mu 1963 anayamba kugumula Penn Station, siteshoni ya sitima yokongola ya mu New York, kuti bwaloli lipeze malo. Lero apaulendo ambiri amapanikizana m'makonde apansi ngati mbewa kuuna, pamwamba pawo anthu akuwombera m'manja oimba. Ndiye kuyambira 1982 bwaloli silikhoma msonkho wa malo. Aaa, ine m'manja sindiwomba nawo!