ZA PAULENDO: Kogona Kochipa mu Livingstone Kulipo, Koma N'kofunsa

Nyengo yogulitsa zokolola ikafika, m'mabanja ambiri a m'midzi mumabuka nkhani ya ulendo. Cimanga cikapita ku msika, nshawa ndi thonje zikasanduka ndalama, bambo ndi mai amakumbukira lonjezo limene anapatsa ana ao, lakuti tsiku lina adzawatenga kukaona Mathithi a Mosi-oa-Tunya, amene anawo amangowaona pa zithunzi za m'mabuku a kusukulu. Koma kawirikawiri nkhaniyo imathera pa funso limodzi, la kogona ndi mtengo wake. Ambiri anamva kuti Livingstone ndi mzinda wa alendo akunja oyenda ndi madola, motero ulendo umafa usanayambe.

Mantha amenewa ali ndi pocokera. Mzinda wa Livingstone unakhazikitsidwa mu 1905, caka cimene mlatho wa njanji unatha kumangidwa pa mtsinje wa Zambezi, pamene Azungu anasamuka ku Old Drift kumene malungo anali kuwatha. Kucokera mu 1911 kufikira mu 1935 mzindawu ndiwo unali likulu la Northern Rhodesia, Boma lisanasamukire ku Lusaka. M'masiku amenewo mahotela a m'tauni anali a Azungu, ndipo munthu wakuda akafika anali kukapempha mphasa kwa acibale ku komboni ya Maramba. Ufulu utabwera mu 1964 zitseko zinatseguka kwa onse, ndipo apaulendo wamba anali kudalira kwambiri maresitihausi a Boma ndi a makhonsolo. Mu 2001 kampani ya Sun International inatsegula mahotela awiri akuluakulu pafupi ndi mathithi, Royal Livingstone ndi Zambezi Sun imene tsopano ichedwa Avani. M'mahotela otere usiku umodzi ungathe kudya ndalama za matumba ambiri a cimanga, ndipo mbiri yao ndiyo imafika kumidzi ndi kuopsa anthu.

Cimene sicifika kumidzi n'cakuti kucuruka kwa alendo kunabalanso malo ogona a anthu wamba. Eni nyumba ambiri a m'tauni anasandutsa nyumba zao kukhala zolandira alendo, makamaka pamene mzindawu unali kukonzekera msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations loona za zokopa alendo, umene unacitika mu August 2013 ku Livingstone ndi ku tauni ya Victoria Falls mu Zimbabwe. Lero nyumba zotere zipezeka m'mbali mwa mseu waukulu wa Mosi-oa-Tunya ndiponso m'madera monga Dambwa, Maramba, Linda ndi Highlands, ndipo zambiri zimachula mitengo yao m'makwacha. Lamulo losalembedwa la mzindawu n'lakuti cipinda cikamayandikira mtsinje mtengo umakwera, cikamayandikira msika mtengo umatsika. Banja la mlimi liyenera kuyamba kufunafuna kumbali ya msika.

Palinso malo ena monga Jollyboys ndi Fawlty Towers, amene anachuka ndi acinyamata akunja oyenda ndi zikwama kumsana. Kumeneko munthu amalipira bedi limodzi m'cipinda cogona anthu angapo, ndipo kawirikawiri pamakhala khichini pamene mlendo amadziphikira yekha. Kwa mnyamata kapena aphunzitsi oyenda awiri, malo otere ndi abwino. Koma banja la anthu asanu likawerengera mabedi asanu lingapeze kuti cipinda cimodzi cacikulu m'nyumba ya alendo ya ku Dambwa cachipa kuposa pamenepo, ndiponso mwambo sulola kuti mai ndi ana akazi agone cipinda cimodzi ndi amuna acilendo.

Zipinda zochipa kopambana nthawi zambiri zimakhala kuseri kwa malo omwera mowa. Mwini bawa amamanga tizipinda tingapo kumbuyo, ndipo popeza phindu lake lalikulu licokera ku mowa, mtengo wa kogona amauika pansi. Wofika masana amapeza bwalo losesedwa bwino, mipando ili pamthunzi, malo ali zii. Koma akulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Pa Cisanu ndi pa Ciweru usiku, amene ndiwo masiku a mlendo wa kumapeto kwa sabata, zoimbira zimalira kufikira mbandakuca, oledzera amagogoda zitseko zosakhala zao, ndipo cimbudzi ca alendo cimasanduka ca bawa yonse. Ana osagona usiku sangayende m'mawa, ndipo banja limene lathawa pakati pa usiku kukafuna kogona kwina limalipira kawiri. Sikuti nyumba iriyonse yogulitsa mowa njoipa ai. Ziripo zina zimene zinapatula zipinda ndi mpanda, zili ndi cipata caocao ndi mlonda, ndipo zimatseka bawa pa nthawi yake. Kusiyana kwa ziwirizi kumadziwika ndi maso ndi pakamwa, ndalama zisanaturuke m'thumba.

Safunsa anadya phula. Mlendo wanzeru amapempha kuona cipinda asanalipire, ndipo mwini nyumba wokhulupirika sakana. Amayesa loko wa citseko, amatsegula mpopi kuti aone ngati madzi aturuka, amayang'ana nsalu za pabedi ndi m'mphepete mwa matiresi mobisala nsikidzi. Amafunsanso za ukonde wa udzudzu, pakuti malungo amene anasamutsa Azungu ku Old Drift sanacoke m'cigwa ca Zambezi. Za magetsi nazo n'zofunsa. M'caka ca 2024 cilala cinacepetsa madzi m'damu la Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri m'dziko lonse, motero ndi bwino kudziwa ngati nyumbayo ili ndi thanki ya madzi ndi nyali zina magetsi akapita. Funso lina lofunika n'lakuti mtengo wochulidwawo ndi wa cipinda kapena wa munthu mmodzi, ndiponso ngati ana amalipiridwa paokha. Kucokera mu 2017 pali msonkho wa zokopa alendo wa 1.5 peresenti umene umaikidwa pa malo ogona, kotero mlendo afunse ngati misonkho yonse ili kale m'kati mwa mtengowo, ndipo akalipira alandire risiti.

Boma linaikanso citetezo cake. Pansi pa lamulo la zokopa alendo la mu 2015, malo ogona alendo ayenera kukhala ndi laisensi, ndipo bungwe la Zambia Tourism Agency ndilo limayang'anira nchito imeneyi. Nyumba yolembetsedwa imapacika cikalata cake poonekera, pamene alendo amalembetsa maina. Pamene cikalata palibe ndipo mwini nyumba akuzemba funso, mlendo adziwe kuti katundu wake akasowa adzabvutika kupeza kokadandaula. Cenjezo lina likhudza mafoni. Masiku ano anthu amaona zithunzi za zipinda pa Facebook ndi kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena MTN asananyamuke. Cithunzi sicinena za phokoso, ndipo nambala ya foni siyitsimikiza kuti nyumbayo ilipodi. Njira yabwino ndiyo kutuma wacibale, mnzake wa mumpingo kapena munthu wa kumudzi kwao wogwira nchito mu Livingstone kuti akaone malowo ndi maso. Abusa ndi akulu a mpingo amadziwana m'zigawo zonse, ndipo kalata yocokera ku mpingo wa kumudzi imatsegula makomo amene ndalama sizingatsegule.

Cakudya ndico cimadya ndalama mwakacetecete. Banja lolowa m'lesitilanti ya alendo katatu patsiku lingaononge zoposa za cipinda. Nyumba yolola mlendo kuphika, ngakhale mtengo wake utakwererako pang'ono, imapulumutsa zambiri. Mai wocenjera amanyamula ufa, nyemba, nshawa zokazinga ndi mbatata kucokera kumudzi, ndipo ndiwo zamasamba, kapenta ndi nsomba amakagula ku msika wa Maramba. M'misika muli timalo tophika nsima pa mtengo wa anthu wamba. Cilankhulo sicibvuta, pakuti ngakhale eni dera amalankhula Citonga ndi Cilozi, Cinyanja cimamveka m'misika ndi m'matakisi a mzindawu.

Kutalika kwa njira nako kuyenera kulowa m'ciwerengero. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo kucokera ku Lusaka kudzera ku Kafue, Mazabuka, Monze, Choma ndi Kalomo kufika ku Livingstone ndi makilomita ena oposa 470. Wa ku Chongwe kapena ku Kafue angathe kunyamuka pa Cisanu m'mawa ndi kubwerera pa Sondo. Koma wa ku Katete, Petauke kapena Lundazi adzataya masiku awiri popita ndi awiri pobwera, motero afunika kuganiziranso za kogona mu Lusaka. Ambiri amayembekeza chuthi ca Heroes ndi Unity, pa Mande woyamba wa July ndi tsiku lotsatira lake, pa Ciwiri, kapena Tsiku la Alimi pa Mande woyamba wa August. Koma masiku amenewa, pamodzi ndi a Isitala ndi Khirisimasi, ndiwo amene zipinda zimadzala ndipo eni ake sakhala ndi cifukwa cotsitsira mtengo. Mlimi ali ndi mwai umene wa pa nchito ya muofesi alibe, pakuti zokolola zikalowa m'nkhokwe angathe kusankha sabata iriyonse yopanda cikondwerero, ndipo wogona masiku awiri kapena atatu ali ndi pokambira kuti amucotsereko. Cofunika n'kunyamula bulangeti, cifukwa usiku wa June ndi July umazizira ndithu.

Mathithi enieniwo ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10 kucokera m'tauni. M'lifupi mwake ndi mamita oposa 1,700 ndipo pena madzi amagwa mamita 108, n'cifukwa cake bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse lapansi mu 1989. Madzi amacuruka kwambiri m'miyezi ya March, April ndi May, ndipo pofika October ndi November mbali ya Zambia imatsala miyala ndi timadzi tocepa. Pa cipata nzika za Zambia zimalipira ndalama zocepa kwambiri poyerekeza ndi alendo akunja, motero citupa ca Reji sicofunika kuiwala kumudzi. Ndalama ya takisi yopita ndi kubwera iikidwe padera, pakuti mseuwo umadutsa m'mbali mwa paki ya nyama ya Mosi-oa-Tunya ndipo njobvu zimaoloka pamenepo, kotero kuyenda pansi ndi ana n'kuika moyo pangozi. Pa mathithi pali anyani ozolowera kulanda zakudya m'manja mwa anthu, ndipo kamba wa paulendo abisidwe m'cikwama. Wogona m'tauni ali ndi phindu linanso, cifukwa nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Livingstone Museum, imene inayamba mu 1934, ili pa mseu waukulu pamene ana angafike ndi miyendo.

Banja limene lakhala pansi ndi kulemba ndalama za basi, za cipinda, za cakudya, za takisi ndi za pa cipata, ndi kusungako zina za mwadzidzidzi, lidzapeza kuti ulendowu sufuna kugulitsa ng'ombe kapena kukhudza ndalama za feteleza wa caka camawa. Ngati ciwerengero cakana caka cino, kudikira kukolola kwina sikucititsa manyazi, pakuti Zambezi sasamuka. Koma cikalola, bambo atume uthenga kwa wodziwana naye ku Livingstone sabata ziwiri ulendo usanafike, ndipo wotumidwayo akayendere nyumbayo pa Ciweru madzulo, nthawi imene khalidwe lake lenileni limaonekera.