Rauta mudagula ndinu, nanga makiyi ali ndi yani?

Pali ulesi wina umene tauveka jekete n'kumautcha kudzichepetsa. Munthu wa dipuloma, mwinanso digiri, amene amawerengera chiwongoladzanja cha banki nkhonde mpaka tambala lomaliza, ukamufunsa za rauta imene ili pabalaza pake amangoti, "Aaa, zimenezo n'za ana, ife sitidabadwe nazo." Lero ndati ndilankhulepo mosapsatira. Amene ndikumunena pano si agogo a kumudzi ayi, koma ife a mataye ndi choko, amene timakalipira ana a Fomu 2 kuti saweranga malangizo asanayankhe funso.

Rautayo mudagula ndi ndalama zanu. Bandulo mumagula ndinu mwezi ndi mwezi, nthawi zina mochita kukongola. Koma wodziwa kulowa m'kati mwake ndi mnyamata wina wa kumsika amene adabwera tsiku loyamba, n'kudinadina pafoni yake, n'kumapita. Intaneti ikangojejema mumamuimbira. Amabwera, amapempha phini kapena kamtengo ka machesi, amabaya kabowo ka kumbuyo kwa rauta, timagetsi timathima n'kuyakanso, inu n'kumupatsa ndalama ya ndiwo za masiku awiri, kuphatikizapo ya kabaza. Sabata yamawa mumuimbiranso.

Tiyeni tione chimene wachita. Kuzimitsa rauta, kudikira masekondi ngati 30 n'kuyatsanso, sikufufuta kalikonse. Rauta ndi kakompyuta, kali ndi posungira zinthu pochepa, ndipo kakagwira ntchito masabata ambiri osapuma nthawi zina kamayamba kuzerezeka. Kakayakanso kamayamba ndi mutu wopepuka, n'kulumikizananso mwatsopano ndi nsanja ya netiweki. Kubaya kabowo kolembedwa reset kwa masekondi ngati 10 ndi nkhani ina. Kumafufuta zonse zimene zidakonzedwa m'katimo: dzina la Wi-Fi yanu, pasiwedi yanu, mafoni amene mudawaletsa. Rauta imabwerera m'mene idachokera kufakitale. Ndiye kugwetsa nyumba chifukwa loko walimba kumeneko. Ndipo nthawi zambiri chimene chachiza matenda si kufufutako ayi, koma kuti pofufutapo rauta yazima n'kuyakanso, ntchito imene mwana wa Sitandade 2 akadaigwira pozula pulagi pakhoma. Kabowoko kali ndi ntchito yake, monga pamene pasiwedi yaiwalika ndipo palibenso njira ina yolowera. Si panado womwera mutu uliwonse.

Choipa kwambiri n'chakuti pambuyo pa reset, pasiwedi imabwerera ku ija yolembedwa pakapepala komatidwa kunsi kwa rauta. Aliyense amene adagadabuzapo bokosilo, kaya mlendo, kaya mwana wa aneba, ali nayo kale, mwinanso adaijambula.

Ambiri sadziwa n'komwe kuti makiyi alipo awiri. Woyamba ndi pasiwedi ya Wi-Fi, imene mumapatsa mlamu wanu akabwera kudzacheza. Ameneyo ndi kiyi wa pageti. Wachiwiri ndi pasiwedi yolowera m'kati mwa rauta yeniyeniyo, kumene zonse zimalamulidwa. Ameneyo ndi chikalata cha nyumba. Mumalowako potsegula Chrome kapena chosakatulira china pafoni yolumikizidwa ku Wi-Fi yanu, n'kulemba manambala amene alinso pakapepala kaja. Kawirikawiri amakhala 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo pa marauta ambiri a Huawei olowa simu khadi ndi 192.168.8.1. Izi sizifuna bandulo, chifukwa tsambalo lili m'bokosi momwemo, osati kutali. Marauta ambirimbiri adatuluka kufakitale dzina lolowera likhala admin, pasiwedi nayonso admin. Atsopano ena amakakamiza munthu kuika pasiwedi yakeyake tsiku loyamba. Tsono tsiku loyambalo adaika ndani? Inu mudali kukhitchini kumuphikira tiyi.

Wina anena kuti ndikukuza nkhani. Mu 2016 padabuka pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai. Nzeru yake idali yochepa zedi: inkayendayenda pa intaneti kugogoda pa makamera ndi marauta, ikuyesa mayina ndi mapasiwedi a kufakitale pafupifupi 60 okha, onga admin ndi 12345. Zipangizo mazanamazana a zikwi zidatseguka. Pa 21 Okutobala chaka chomwecho, gulu la zipangizo zogwidwa chotero lidathira nkhondo kampani ya Dyn ku America, ndipo anthu ambiri kumeneko adalephera kutsegula Twitter ndi Netflix kwa maola angapo. Eni zipangizozo sankadziwa kanthu, timagetsi tinkayaka bwinobwino. Anyamata atatu amene adapanga Mirai adavomera mlandu mu 2017. Ku Britain zidafika poti kuyambira mu Epulo 2024 lamulo likuletsa kugulitsa zipangizo zotere zili ndi pasiwedi ya kufakitale yosavuta kulota ngati admin. Boma lonse kukhala pansi kukambirana za mawu a zilembo zisanu, inu mukuti n'za ana.

Komabe wakuba wa kutsidya kwa nyanja si amene akusowetseni tulo. Wanu ali kuseri kwa mpanda wa kapinga, wakhala pampando wa ndalema, akuonera mpira ndi bandulo yanu. Ndipo sadachite kuthyola. Kuyambira pa Android 10 ya mu 2019, foni imene idalowa kale pa Wi-Fi imatha kuonetsa kachithunzi ka QR, wina n'kungojambula, basi walowa. Mukapatsa munthu m'modzi pasiwedi, mwapatsa mzere wonse wa nyumba za aphunzitsi. Sindikuletsa kugawana, tonse tidakula ndi kupemphana moto. Koma wopempha moto amaodira. M'kati mwa rauta muli tsamba loonetsa zipangizo zonse zimene zalumikizidwa panthawiyo. Pakhomo panu pali mafoni anayi, tsambalo likuonetsa khumi ndi awiri. Sinthani pasiwedi, ikhale yaitali, osati dzina la mwana wanu woyamba ndi chaka chake chobadwa, zimene mpingo wonse ukudziwa. Malamulo a Wi-Fi amalola zilembo kuyambira 8 mpaka 63, ndiye chiganizo chathunthu cha Chichewa chimakwanamo. Pomwepo onani kuti chitetezo chili pa WPA2 kapena WPA3. Mukapeza WEP, dziwani kuti akatswiri adaonetsa kufooka kwake kale mu 2001.

Palinso china chotchedwa WPS, chimene chidapangidwa kuti anthu azilowa pa Wi-Fi osalemba pasiwedi, pongodina batani kapena kulemba nambala ya madijiti 8. Aphunzitsi a masamu, imvani iyi. Madijiti 8 amayenera kupereka njira 100 miliyoni zoti wakuba ayese. Koma mu Disembala 2011 Stefan Viehböck adaonetsa kuti rauta imayankha theka loyamba palokha, kunena ngati madijiti anayi oyambawo ali olondola. Pamenepo njira ndi 10,000. Pa anayi otsalawo, yomaliza imangochokera ku masamu a zinzake, ndiye zotsala ndi njira 1,000. Zonse pamodzi 11,000, ntchito ya maola ochepa kwa kompyuta. Marauta a masiku ano ambiri amadzitseka munthu akalakwitsa kangapo, koma akale aja timagula pakaunjika wa zamagetsi ndani adawafunsa? Zimitsani WPS, simudzaisowa.

Tsopano nkhani ya bandulo yotha msanga, imene imadzetsa matemberero m'sitafurumu Lolemba lililonse. Kuti intaneti ndi yodula kwa munthu wa malipiro athu, palibe akutsutsa. Kuti netiweki nthawi zina imagwadi, n'zoona. Koma mafoni ndi makompyuta adapangidwa ndi maganizo a kumayiko kumene Wi-Fi ya m'nyumba ilibe malire. Foni ikaona Wi-Fi imati kwagwa zaulere. Imayamba kukonzanso mapulogalamu ake onse, kutumiza zithunzi zanu kosungira, kutsitsa kanema aliyense wa m'magulu a WhatsApp a maliro, a mpingo ndi a amene mudaphunzira nawo ku koleji. Laputopu ya Windows ndiye fisi weniweni, imatha kumeza magigabaiti angapo usiku umodzi. Foniyo siidziwa kuti kuseri kwa Wi-Fi yanu kuli simu khadi ya bandulo yowerengeka. Muyenera kuiuza. Pa Windows ndi pa Android pali posankha kuti Wi-Fi imeneyi ndi metered, kutanthauza yolipira molingana ndi m'mene mwagwiritsira ntchito, ndipo pa iPhone amati Low Data Mode. Ntchito ya mphindi ziwiri. Munthu amene sadachite izi akamatukwana kampani ya mafoni amandikumbutsa wotunga madzi ndi dengu amene akukalipira mjigo.

Nanga malo amene timaika rauta! Ena amaitsekera m'kabati ya mbale kuopa ana. Ena amaifunditsa kansalu koluka kaja timafunditsa wailesi, kuti isade ndi fumbi, mwezi wa Okutobala, pansi pa denga la malata. Timabowo tili m'mbali mwakemo ndi topumira, ndipo rauta ikatenthedwa imachedwa kapena kuzima yokha. Wi-Fi ndi mafunde a wailesi, omwe aja timajambula pabolodi. A 2.4 GHz ndi otalika pafupifupi masentimita 12, a 5 GHz pafupifupi 6. Chitsulo chimawabweza, madzi amawamwa, khoma la njerwa zootcha limawafoola, makamaka a 5 GHz amene amathamanga koma sapita patali. Ndiye rauta ili pansi, kuseri kwa firiji, pafupi ndi ndowa ya madzi, inu muli kuchipinda chachitatu mukuti netiweki ya dziko lino ndi yachabechabe. Ikwezeni pamwamba, poyera. Ngati ndi yolowa simu, yesani mawindo a nyumba yanu limodzilimodzi mukuyang'ana timizere ta mphamvu ya netiweki, chifukwa nsanja ili mbali imodzi.

Za magetsi ndingonena mwachidule. Akazima, zulani pulagi, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi ukali, ndipo choyamba kupsa ndi adaputa. Ikapsa musangotola ya dikoda kapena ya wailesi chifukwa choti kamutu kake kalowa. Werengani mavoti olembedwa kunsi kwa rauta, ambiri amafuna 12, ndipo mugule yofanana. Adaputa yofooka imayatsa timagetsi koma rauta n'kumazimazima yokha, mwini wake n'kumati yalodzedwa.

Intaneti ikasowa, funso si loti tiimbire ndani, koma loti chingwe chaduka pati. Ngati foni imodzi yokha ndiyo ikukana pamene ena onse m'nyumbamo akuseka ndi mavidiyo, rauta ilibe mlandu. Ngati onse akukanika koma tsamba la m'kati lija likutseguka, ndiye kuti pakati pa inu ndi rauta palibe vuto, zavuta kutsogolo. Chotsani simu, muiike mufoni. Mudziwa pompo ngati bandulo yatha, kapena yapitirira masiku ake, kapena nsanja ndiyo yagona. Nsanja ikagona, ngakhale mubaye kabowo kaja mpaka phini itapindika, palibe chimene chisinthe.

Ena andiuza kuti ndikufuna kulanda nsima pakamwa pa achinyamata, ntchito zikusowa chonchi. Alipo anyamata odziwadi ntchito, amene amatha kukweza mlongoti wokokera netiweki padenga, kuyala mawaya m'nyumba, kapena kuika firmware yatsopano, pulogalamu imene imayendetsa rauta, popanda kuipha. Amenewo alipidwe, ndipo alipidwe bwino. Ndikukana uyu wobisa pasiwedi kuti azibwerabwera, ndi wogulitsa m'sitolo amene amakupatsira bokosi ngati akukupatsa buledi, osakuuza n'komwe kuti kunsi kwake kuli zolemba. Mnyamatayo akabweranso mupatseni mpando ndi ndalama yokwanira, koma foni ikhale m'manja mwanu, iye azingoloza. Mapasiwedi onse awiri mulembe nokha, iye atayang'ana kumbali, kenaka muwasunge m'kope limene mumasungamo nambala ya mita ya magetsi. Akakana kuti zimenezo n'zovuta simungazimve, mufunseni kuti iye adaphunzira kwa masiku angati.