Laputopu yakale isatayidwe, ipatseni katundu wolingana ndi mphamvu zake

M'makomo ambiri kuno ku Kande, ku Chintheche ndi m'midzi ina ya m'mbali mwa nyanja muli malaputopu amene anabwera ndi achibale ochokera ku Johannesburg, kapena anasiyidwa ndi mabungwe atamaliza ntchito zawo. Ambiri angosungidwa pansi pa bedi. Mukayatsa, mutha kupita kukatunga madzi n'kubwerako isanadzuke. Eni ake amati inafa. Kawirikawiri imakhala isanafe, koma yasenzetsedwa katundu woposa mphamvu zake.

Katunduyo ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse m'kompyuta, yomwe ambirife timangodziwa ya Windows. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo pa 14 Okutobala 2025 inathetsanso chisamaliro cha masiku onse cha Windows 10. Yatsopano, Windows 11, imafuna RAM yosachepera 4GB, malo osungira zinthu okwana 64GB ndi kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, komwe malaputopu ambiri akale alibe.

Mwina mukudabwa kuti nkhaniyi ikufunanji pa tsamba la zaumoyo. Kompyuta imene sikulandiranso zigamba zotseka mipata ya akuba ili ngati mwana amene anadumpha katemera: amaoneka bwinobwino mpaka tsiku limene mliri wafika. Mu Meyi 2017, vairasi ya pakompyuta yotchedwa WannaCry inalowa m'zipatala za boma ku England kudzera m'makompyuta a Windows osatsekedwa mipata, ndipo odwala zikwizikwi anabwezedwa osaonana ndi dokotala. Inu mavolontiya, taganizani zimene mumalemba: mayina a amayi oyembekezera, ana osowa zakudya m'thupi, anthu amene adumpha tsiku lokatenga ma ARV. M'mudzi momwe aliyense amadziwa mnzake, dzina limodzi lotere likatuluka limatha kupasula banja, ndipo munthuyo sabweranso kuchipatala. Dziko lino lilinso ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la chaka cha 2024. Windows yokopera, yoikidwa pamsika pamodzi ndi nyimbo ndi mafilimu, si malo osungirapo zinthu zotere.

Njira ina ilipo, ndipo ndi yaulere. Dzina lake ndi Linux. Anaiyambitsa Linus Torvalds ku Finland mu 1991, ndipo aliyense ndi wololedwa kuikopera, kuigawa ndi kuikonza. Simukuba mukapatsa mnzanu. Si yachilendonso monga imamvekera, poti foni ya Android imene ili m'thumba mwanu inamangidwa pa Linux. Kuno kwathu, bungwe la Baobab Health Trust linayamba pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe mu 2001 kukonza makina olembera odwala pogwiritsa ntchito mapulogalamu aulere a mtundu womwewu. Mtundu wotchuka wa Linux, Ubuntu, anauyambitsa mu 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi umunthu womwewu timaudziwa.

Vuto ndi lakuti mitundu ya Linux ilipo yambirimbiri, ndipo anyamata odziwa makompyuta aliyense amatama wake. Musatengeke. Kuchipatala sitipereka LA kwa mwana tisanamuike pasikelo, chifukwa mulingo umatsatira kulemera kwake. Laputopu nayo iyezeni kaye. Sikelo yake ndi RAM, malo amene kompyuta imayalapo ntchito imene ikugwira nthawi imeneyo, ngati thandala loyanikapo usipa: likachepa, zinthu zimaunjikana.

Ngati ili ndi 4GB, ikani Linux Mint ya mtundu wa Xfce. Maonekedwe ake ndi ofanana ndi Windows, moti mwana wa sekondale sasochera, ndipo Mint 22 idzasamalidwa mpaka 2029. Ikakhala ndi 2GB, Mint imayendabe koma mwakhama. Ine ndingasankhe Lubuntu, yomwe ndi Ubuntu yochotsedwa zokongoletsa. Pa 1GB kapena kucheperapo, pitani ku antiX. Si yokongola, ndipo masiku oyamba imakwiyitsa, koma imadzutsa makina amene ena onse awakana. Funsaninso ngati laputopuyo ndi ya 32-bit kapena 64-bit. Mint ndi Lubuntu zatsopano zimafuna 64-bit basi, pomwe antiX ikadalandirabe ya 32-bit.

Zonsezi mutha kuziyesa musanafute kalikonse. Amene akukuthandizani aike pulogalamuyo pa fulashi ya 8GB, ayatse laputopu kuchokera pa fulashipo, ndipo muone nokha ngati Wi-Fi, mawu ndi makina osindikizira zikugwira. Wi-Fi ndiyo imakonda kuvuta pa makina akale. Kukopera Lubuntu kumadya bandulo ya pafupifupi 3GB, ndalama yosachepa, koma fulashi imodziyo ikwanira malaputopu a komiti yonse ya zaumoyo ya m'mudzi ndi sukulu yoyandikana nayo. Musanaike zenizeni, samutsani zithunzi ndi makalata anu onse, chifukwa kuika kumafuta zakale. Pamene ikufunsani ngati mukufuna kutseka disiki yonse ndi mawu achinsinsi, inu osunga mayina a odwala vomerani. Laputopu ikabedwa, wakubayo apeza chitsulo chabe. Mawuwo mukaiwala, nanunso simulowa.

Kodi mugwira nayo ntchito yanji? LibreOffice imalemba makalata ndi malipoti, imawerengetsa, ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, ngakhale nthawi zina mizere imasuntha pang'ono. DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira malipoti a zipatala, imatsegulidwa pa intaneti, choncho siisankha Windows kapena Linux. Kwa makolo, chamtengo wapatali ndi Kiwix, pulogalamu imene imasunga Wikipedia m'kompyuta momwemo kuti mwana aziwerenga popanda bandulo, ngakhale netiweki itathawa.

Pali zimene Linux singachize. Intaneti ya masiku ano ndi yolemera. Mukatsegula Facebook, YouTube ndi masamba ena asanu pa laputopu ya 2GB, idzakwawabe. Tsegulani tsamba limodzi kapena awiri. Batire lotupa kapena lakufa silidzuka ndi pulogalamu, ndipo lotupalo lichotsedwe msanga poti limatha kuyaka. Kutentha kwa kunyanja kuno ndi fumbi zimatseka kafani ka m'kati, choncho kapukutitseni, ndipo musamaike laputopu pa matiresi. Ngati muli ndi kandalama, kusintha disiki yakale n'kuika ya SSD kumaipatsa liwiro kuposa china chilichonse chimene mungagule.

Ikakhala kuti yafadi, musaiponye kudzala kumene zinyalala zimaotchedwa, kapena kupatsa ana kuti aziphwasula. M'makina akale muli mtovu, ndipo magalasi a malaputopu ena akale ali ndi timababu ta mekyule. Mtovu umawononga ubongo wa mwana amene akukula, ndipo bungwe la WHO limanena kuti palibe mulingo wake m'magazi umene uli wabwino. Kaperekeni kwa okonza makompyuta ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu, amene angachotsemo RAM ndi zida zina zothandizira laputopu ya wina. Disiki yokha ichotseni itsale ndi inu, chifukwa mayina aja akadali momwemo.